Chingwe Chimene Ndinamangira Jeremiya

Lolemba, 23 Seputembala

Tamara sanandiikemo m'mbiri ya bambo ake. Ine Frazer, mkulu wake wa malemu Jeremiya, bere limodzi! Wabwera kuno kwa Chulu kudzandiwerengera zimene adzanene pa tsiku la chiliza. Akuti Jeremiya anali pulofesa, katswiri wa maganizo a ufulu wa munthu. Akuti anamusula ndi azungu atatu a m'mabuku, mayina ngati mankhwala opopera nazale. Kusukuluko anapita ndi fodya wa yani?

Lachitatu, 25 Seputembala

Msana ukuwawa. Nazale yamera bwino, koma madzi kudambo achepa.

Sukulu sindinapondeko, zilembozi ndinatola pa mabelo. Komabe chiphunzitso cha Jeremiya ndimachidziwa: boma lisamange munthu amene sanadye za mnzake. Si za mbuzi zimenezo? Dzinja timamangirira, tikakolola timamasula. Ku ubusa ankapita ndi mzungu uti?

Lamulungu, 29 Seputembala

Potuluka m'tchalitchi ndamudandaulira mlongo wanga Zelesi. Iye kuseka mpaka misozi. "Achimwene, mwaiwala? Mwana uja munamumangirira pa mtengo wa muwanga tsiku lonse ndi chingwe cha tonde!"

Sindinaiwale. Mbuzi zinamaliza mtedza wa eni, iye ali pamthunzi ndi buku. Ndikanatani? Ndipo ndinamanga bwino, sanadzimasule.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Kumanda, kukalambula. Ntchito yochepa, koma ndakhalitsako. Mwana uja polira sankatulutsa mawu.

Lachinayi, 3 Okutobala

Zelesi pakamwa! Wakamuuza Tamara. Lero Tamarayo waimba pa foni ya Zelesi yemweyo. "Bambo aakulu, nkhani ya chingwe ndimaidziwa. Bambo anga ankauza ophunzira awo chaka ndi chaka kuti wolamulira wankhanza woyamba kumudziwa anali mkulu wawo. Ndinaisiya dala, pokusungirani ulemu."

Ulemu wanji? Chaka ndi chaka, ku yunivesite, ine! Woyambanso! Ndiye kuti azungu aja anapeza munda wolimalima, iwo anangobzala. Zankhanzazo atsutse mwini mtedza uja.

Jekete ndachapitsa, nsapato ndabwereka. Tamara, Loweruka ukaimirira pamanda paja unene za chingwe, za tonde, za muwanga. Utchule dzina lonse, Frazer Mwale, mokweza, amve ndi okhala kumbuyo omwe. Azungu akowo uwatchule pambuyo panga.