Suleiman Akafika, Musamuuze

Kabwata,
Lusaka.
18 Novembala, 1997.

Achemwali anga a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Said pamodzi ndi ana onse. Bondo lija likukuvutanibe? Nanga mvula yayamba ku Domasi? Kuno tangomva kafungo kake chabe, dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira. Ine ndi ana tili bwino, Alihamudulila, kupatula mtima wangawu.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira mayi wina wa geni amene akukwera basi ya mawa, chifukwa ndikufuna ikufikeni mlongo wathu Suleiman asanafike. Iye anyamuka Loweruka kubwera kwanuko. Akuuzani kuti wakusowani. Ndi bodza limenelo. Akubwera kudzafunsa chinthu chimodzi, ndipo ine ndikukupemphani kuti musamuuze.

Khalani pansi ndikufotokozereni, chifukwa m'makalata apitawa ndinkakubisirani.

Mukukumbukira kuti bambo a ana atamwalira ndinatsegula malo okazingira nsomba m'mphepete mwa damu la pafamu ya a Kabamba, kupitirira pang'ono msika wa Chelstone. Ndinayamba ndi matebulo awiri pansi pa mtengo. A Kabamba anafuna kuti tilemberane pepala, ndipo pepalalo linkafuna chitupa chimene kuno amati reji. Ine ndi inu tinabadwira ku Malawi, reji ndiitenga kuti? Suleiman ndiye anabadwira kuno makolo atasamuka kale. Ndinamupempha kuti alembe dzina lake. Analemba akuseka, nati mlongo ntchito yake ndi yomweyo.

Malowo anakula, achemwali. Loweruka ndi Lamlungu galimoto zinkachita kusowa poima. Anthu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, oti kwawo ali ndi owaphikira, ankabwera kudzanyambita zala pa mabenchi anga. Chikwangwani ndinalibe. Ankangoti tiyeni pa Kuluthumu.

Mukudziwa mmene zinthu zilili kuno chisinthireni boma. Makampani akugulitsidwa, anthu akuchotsedwa ntchito, ndipo aliyense wolandira kangachepe kotsazikira ntchito amathamangira kutsegula bizinesi imene waona kwa mnzake. Woyamba anali a Kalenga, amene anamanga chisakasa tsidya lina la damu. Anatseka patatha miyezi inayi. Kenako kunabwera mayi wina wa ku Woodlands ndi maambulera amitundumitundu. Iyeyo sanafike ndi pa Khirisimasi pomwe. Damu lomwelo, makumba omwewo amene kuno amati bulimu, koma nsomba zawo zinkanunkha matope. Zanga ayi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mayi wa ku Malawiyu ali ndi mankhwala.

Mankhwala ake inu mukuwadziwa. Ndi aja tinkathyoka nawo makosi ku madamu a ku Domasi tili atsikana. Bambo ankati nsomba ya m'damu nayo ifunge, isale kudya masiku atatu ngati Msilamu wabwino, ndiye idyedwe. Choncho kuseri kwa khitchini ndinamangitsa matanki atatu a simenti. Nsomba zikagwidwa zinkalowa mmenemo zamoyo, m'madzi oyera a pamjigo, osazipatsa kanthu, mpaka matope onse atatha m'thupi. Madziwo tinkasintha mmawa ndi masana. Zidebe makumi atatu pa tsiku, ine ndi mnzanga Bana Chalwe, mayi wa ku Luapula amene ndinkagwira naye ntchito. Zaka zinayi ndakhala ndikusenza zidebezo. Tsitsi la pakati pamutu linatha.

Suleiman izi sanazione ku Domasi, poti anali asanabadwe. Sanazionenso kuno, ngakhale zinkachitika pamphuno pake.

Kampani imene ankagwirako ntchito itagulitsidwa chaka chathachi, anabwera kwa ine nkhope ili pansi. Ndinamulandira, mwana wa mayi anga. Ndinati azilandira alendo, poti Chizungu amachitha. Ankafika dzuwa litakwera, atamanga tayi, ndipo kuseri kwa khitchini sankapondako kuopa mamba a nsomba pa nsapato. Tsiku lina anandifunsa kuti bwanji ndikuvutika kusunga nsomba m'matanki pomwe damu lili pomwepo. Nditangotsegula pakamwa kuti ndimuuze za bambo, anandidula, nati zimenezo ndi zakumudzi. Ndinatseka pakamwa panga.

Kenako anapeza bwenzi, Hector Mulubwa, wogulitsa galimoto zakale zochokera kunja. Munthu wa mphete zala zonse. Awiriwa anagwirizana kuti pamalopo pakhale bala, magitala ndi malo ovinira. Ndinakana. Ndinati malo amene ndinatsegula ndi pemphero la duwa sindingagulitsirepo mowa, ndipo amene akufuna bala akamange kwina, dziko ndi lalikulu.

Mu Ogasiti, Lachisanu masana, anthu ali pamatebulo, Suleiman anatulutsa pepala lija m'thumba la jekete. Mawu ake ndiwalemba mmene anawanenera, kuti inunso akuwaweni: “Ba sisita, pepala ni yanga. Imwe mulibe na reji, ndimwe ba folena. Mukapanga chongo nizaitana ba boma bakupelekeni kwanu.”

Mwamva, achemwali? Mlendo, ine. Ine amene ndinamubereka kumsana mayi akukagulitsa mandasi. Ine amene ndinasiya sukulu kuti iye apite. Mimba imodzi inatulutsa mwini dziko ndi mlendo? Bana Chalwe anavula epuloni nthawi yomweyo naiponya pansi. Alendo anangowerama m'mbale zawo. Ine sindinalire. Ndinamva chinthu chikuuma m'chifuwa, ndipo mpaka lero sichinafewe.

Anandipatsa sabata imodzi yoti ndichotse mapoto anga.

Tsopano apa ndi pamene pali kuulula kwanga. Sindinauzepo munthu, ngakhale ana.

Tsiku lomaliza ndikumanga katundu, Suleiman anafika ndi amisiri awiri. Anati pamene pali matanki mpamene pakuoneka bwino madzi, ndiye pamangidwe malo ovinira. Matanki onyansawo agumulidwe. Koma amisiri aja anabwera ndi tihamala tokhomera misomali, ndipo simenti yanga sinali yamasewera. Anamenya, anamenya, osatheka.

Hamala yaikulu ya malemu bambo a ana, imene ndinkawazira zitsa za nkhuni, inali kale m'thumba langa. Suleiman anaona mpini wake utatulukira. Anandifunsa, osachita ndi manyazi omwe, ngati ndingamubwereke.

Mawu anali pakamwa. Ndikanangoti, iwe, matankiwa ndiwo malo ano, ukawaswa waswa mbale yako. Mawu ochepa chabe. Ndinadikira kuti mwina anditchula achemwali, mwina afunsa kuti kodi kwenikweni ankagwira ntchito yanji. Iye ankangoyang'ana wotchi.

Ndinamasula thumba, ndinaitulutsa, ndinapukuta fumbi ndi chitenje changa, ndinamupatsa ndi manja awiri monga tinaphunzitsidwira. Ndinamulangizanso kuti ayambire pangodya, mpofewa. Anavula jekete namenya yekha koyamba, kuti amisiri amuone mphamvu. Sindinachoke mpaka thanki lachitatu litagwa. Ndikanama ndikati mtima unandipweteka. Unazizira bwinobwino, ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

Anatsegula pa 25 Okutobala. Inu mukudziwa mmene damu limakhalira mwezi umenewo: madzi atsika, abiriwira, matope akuwira ndi dzuwa. Anaika chikwangwani chachikulu cha dzina lachizungu lotchula nyanja, pomwe ndi damu loti ng'ombe za a Kabamba zimawoloka osanyowa mimba. Analemba ntchito wophika wochokera kuhotela ya m'tauni, wa chipewa choyera chachitali. Ndipo nzeru yawo yaikulu inali iyi: amuna awiri m'bwato aziponya ukonde alendo akuona, nsomba izichoka m'madzi n'kulunjika m'chiwaya.

Sanandiitane, koma ndinapita. Ndinavala diresi yanga ya pa Idi ndi mpango watsopano, ndinakhala patebulo la pakona, n'kugula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Suleiman atandiona anayang'ana kumbali.

Anthu anaombera m'manja ukonde utatuluka. Magitala analira. Mbale zinayamba kufika, zokongoletsedwa ndi mandimu ndi timasamba. Ine maso anali pa mayi wina wa ku Kabulonga amene ankadya kwa ine zaka zitatu. Anatema kachidutswa, anaika m'kamwa, anatafuna kawiri, n'kuima. Anayang'ana uku ndi uku, kenako analavulira m'kansalu mwaulemu wake wonse. Mwamuna wake analibe ulemu wotero. Anakuwa kuti, “Imwe ba manija, iyi ni nsomba olo ni matika?” Matika ndiwo matope m'chinenero cha kuno. Tebulo lina linaseka, lina linayamba kuitana operekera zakudya, ndipo posakhalitsa mbale zinkabwerera kukhitchini zili zodzaza.

Suleiman ankathamanga tebulo ndi tebulo, tayi ili paphewa, thukuta lili chuchuchu. Hector anakalipira wophika, wophika anakalipira asodzi, asodzi analoza damu. Mayi uja potuluka anandiona, nabwera kudzandigwira dzanja, nandifunsa kuti ndasamukira kuti. Ndinamuyankha mokweza kuti ine ndine mlendo, ndikudikira kuperekezedwa kwathu.

Ndinamaliza botolo langa pang'onopang'ono, ndinakwera minibasi, ndipo ndinaseka kuchokera ku Chelstone mpaka m'tauni. Kondakitala anaganiza kuti ndapenga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wathuyu anadyetsa Kabulonga yense matope.

Chichokereni tsikulo ayesa zonse. Aviika nsomba m'mandimu, m'viniga, m'tsabola. Achotsa wophika, abweretsa wina. Ndamva kuti Hector anabweretsa ndi sing'anga yemwe kudzawaza pakhomo. Anapitanso kwa Bana Chalwe ndi malonjezo, koma iye anawauza kuti ankangopala mamba, sadziwa kanthu. Anthu a mowa amabwera, koma a nsomba anatha. Tsopano Hector wanena kuti Disembala akatha zinthu zili chomwechi, agwetsa khitchini n'kusandutsa malowo poimika galimoto zake zogulitsa.

Dzana ndinakumana ndi Nkandu, mkazi wa Suleiman, ku City Market. Ndi woyembekezera, watsala miyezi iwiri, miyendo yatupa. Anandikokera pambali pa ogulitsa kapenta nayamba kulira. Ndiye amene anandiuza za ulendowu. Akuti Suleiman watsimikiza kuti bambo anatisiyira mankhwala a nsomba ife ana aakazi, ndipo akubwera kuti inu mumupatse. Ndinamufunsa kuti bwanji Suleimanyo osabwera kwa ine, poti kuchoka kwawo kufika ku Kabwata ndi minibasi ziwiri zokha. Anayankha kuti mwamuna wake analumbira kuti kuli bwino awoloke malire kusiyana ndi kugogoda pachitseko changa.

Kenako anandigwira chitenje nati ndimuuze iyeyo, sakanena kuti wamva kwa ine. Achemwali, pamenepo ndinatsala pang'ono kugonja. Mtsikanayu sanandilakwirepo, ndipo mwana ali m'mimbayo alibe mlandu. Ndinamugulira nthochi ndi nsalu ya mwana, ndinamukweza minibasi. Koma sindinamuuze. Mundiweruze mmene mungafunire.

Ndikukudziwani inu. Mtima wanu ndi wa mayi, mlendo akangolira mumamupatsa ndi bulangete lanu lomwe. Mundiuza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndikuvomera. Koma fupa limenelo analitaya ndi iye, pamaso pa anthu, Lachisanu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Akafika mulandireni, mupatseni madzi osamba, mumuphere nkhuku ngati ilipo. Koma asapite kumadamu. Alamu anga muwachenjeze, paja iwo akamwa tiyi wa mkaka nkhani zimangotuluka zokha. Ndipo musamuphikire nsomba, angafunse.

Mumuuze kuti chimene akufuna wachisiya ku Kabwata. Abwere masana, anansi ali panja. Ndidzaitana Bana Chalwe ndi a Kabamba. Anene pamaso pawo kuti ine ndine yani kwa iye, ndiponso kuti anabadwa m'mimba mwa yani. Akatero ndidzamuuza zonse tsiku lomwelo, osabisa kanthu. Matanki adzamanga yekha, bala adzachotsa, ndipo zidebe makumi atatu zija adzasenza iye, ndi tayi yakeyo.

Akakana, Hector aimike galimoto zake. Ndinamanga malowo ndi mutu wangawu, ndipo kudutsa pamenepo n'kuona matayala pamene panali mabenchi anga kudzandiwawa kuposa mmene kudzamuwawire iye. Ndalingalira zimenezo masiku ambiri. Ndapeza kuti ndingathe kupirira.

Mundipempherere, chifukwa ndikaima pa swala mawu aja amandibwerera m'makutu ndipo ndimaiwala pamene ndafika. Sindikunyadira zimenezi. Koma sindinafike poti ndilape.

Mupereke moni kwa alamu anga, kwa ana onse, ndi kwa azakhali ngati akumvabe. Mukapita kumanda a agogo mutichitireko duwa. Mulungu akusungeni, akuchizeni bondo, akupatseni mvula yabwino.

Suleiman mumupatsenso moni wanga. Mumuuze kuti pobwera asaiwale hamala ija. Sanabweze.

Ndine mng'ono wanu,
Kuluthumu.