Ana a Che Mwendo

Amayi, kukuyenda bwanji kumene muliko? Ine ndilipo, Dubai akundiwotchabe monga kale. Ndatenga nthawi osakuuzani za kuno, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanafunsa ngati manja ndinawaiwala pabwalo la ndege.

Ndiyambe ndi zakumudzi, ngakhale ndimangozimvera pafoni. Mpongozi wanu Patuma anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, tamutcha Saidi. Sindinamunyamulebe, koma pachithunzi ali ndi chipumi chanu chija munkati ndi cha anthu osamva. Achemwali a Asiyatu akuti nandolo wabereka bwino m'munda wanu wa kuseri kwa mzikiti, koma chimanga chinapserera mvula itadula pakati. Denga la khitchini likudontha. Alamu akhala akulonjeza kukwerapo kuyambira tsiku la maliro anu, makwerero okha ndi amene sanawapeze.

Inu munatisiya ndikutsuka magalimoto ku Al Furjan. Pano ndili pa famu ya akavalo ampikisano, kunja kwa tauni, kumchenga. Ndimasamala kavalo mmodzi yekha, wamphongo. Dzina lake lenileni ndi lachiarabu, lalitali, ndiye ine ndimangomutcha Che Mwendo, poti anavulala mwendo wakutsogolo ali pachimake pa liwiro ndipo sanathamangenso. Ntchito imene anatsala nayo ndi kubereka. Ndimamusambitsa, kumupesa, kumumanga ayezi pamwendopo, ndipo iye amandithokoza pondiluma malaya. Ndimamukonda, Amayi, sindingakubisireni. Komanso bwana anandilemba ntchito chifukwa cha iyeyu basi. Iye atachoka, chitupa changa chokhalira kuno chathanso.

Ana a Che Mwendo ndi ambiri, ndipo ine ndinkayenda chifuwa patsogolo. Kwathu tonde wodzaza khola sagulitsidwa, wogulitsidwa ndi wouma uja. Ndinkaona tiana take tikudumphadumpha mumpanda, mtima n'kukhala m'malo. Mpaka ndinauza Patuma kuti ayambe kuumbitsa njerwa, ntchito ino ndi yokhalitsa. Munkandinena kuti ndimayamba kuseka nkhani isanathe, ndipo pamenepa munalondola.

Anandidzutsa kutulo ndi Banda, dalaivala wa bwana, wa ku Zambia. Tsiku lina akutsuka galimoto anangoti, "Iwe mudala, uyu kavalo wako bafuna kumugulitsa, sunamvele?" Ndinaseka, ndikuti agulitsa bwanji bambo wa ana onsewa. Iye anandifotokozera kuti kuno sawerenga ana, amawerenga ana opambana. Amaona kuti mwa ana onse amene kavalo wabereka, ndi angati anafika pothamanga, ndi angati anapambana, ndipo anapambana mipikisano yaikulu kapena yaing'ono. Ana akachuluka koma opambana n'kuchepa, kuchulukako ndi kumene kumamugwetsa. Chimene ine ndinkanyadira chinali mlandu wake.

Ana ake oyamba anali atangomaliza nyengo yawo yachiwiri ya mipikisano, imene kuno imachitika m'miyezi yozizira, ndipo opambana anali owerengeka. Ambiri ankafika pakatikati, osatsogola, osatsalira. Patuma akandiimbira kundionetsa njerwa zikuuma padzuwa, ndinkangoti zili bwino.

Bwana si munthu wopupuluma. Anaitanitsa mayi wina wa ku South Africa amene ntchito yake ndi kuyeza akavalo amphongo poona mmene ana awo amathamangira. Anabwera ndi kompyuta yake n'kukhala pamthunzi pafupi ndi khola. Ine ndinamupesa Che Mwendo mpaka kunyezimira, mchira ndinaudzoza mafuta, koma mayiyo anangomuyang'ana kamodzi ngati mmene munthu amayang'anira basi yosapita kwawo. Ndinapsa mtima. Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati munthu angaweruze kavalo osamugwira n'komwe.

Sanakwiye. Anandikhazika pampando n'kundiuza kuti kukongola kwa bambo sikuthamanga, othamanga ndi ana. Koma anati kuwerenga opambana okha n'kunamizanso, chifukwa mwana ali ndi makolo awiri. Kavalo wotchuka amapatsidwa zazikazi zabwino zokhazokha, pamene wolumala ngati wathuyu ankapatsidwa zotsala, zina zimene sizinapambanepo chibadwire. Choncho iye amayamba wachotsa gawo la mayi. Amatenga kavalo wamkazi aliyense, n'kuyerekeza ana amene anabereka ndi Che Mwendo ndi ana amene anabereka ndi amphongo ena. Chotsalacho ndiye cha bambo.

Apa ndinakumbukira inu, ndipo ndinangotsala pang'ono kuseka pamaso pa mlendo. Paja munkati Ababa anakupatsani ana, zina zonse munachita nokha. Mayi ameneyu akanafika ku Namwera n'kuchotsa gawo lanu pa ife, sindikudziwa kuti Ababa akanatsala ndi chiyani. Mwina kutalika kwangaku.

Anagwira ntchito yake masiku angapo, ine chakudya chikungondikanika. Kenako bwana anabwera yekha kukhola, zimene sachita kawirikawiri. Mayi uja anamufotokozera ine ndili chilili ndi ndowa m'manja. Anati pafupifupi kavalo wamkazi aliyense anabereka mwana waliwiro ndi Che Mwendo kuposa ana ake a kwina. Anatinso ana ake sakhwima msanga, amayamba kuoneka bwino akakula ndiponso mtunda ukatalika. Koma sanalonjeze kanthu. Anati ana amene athamanga kale ndi ochepa moti munthu sangalumbirire, ndipo njira yodziwira zoona ndi imodzi, kumupatsa zazikazi zabwino n'kudikira.

Bwana anayang'anitsitsa mwendo wovulala uja. Kenako anati, "Khalas, basi, akhale. Chaka chino mumupatse zabwino." Atatembenuka anandiloza n'kunena kuti mwendowo usatupe, apo ayi ine ndi Che Mwendo tipitira limodzi.

Atachoka onse ndinalowa m'khola, ndinakumbatira khosi la Che Mwendo n'kulira ngati mwana. Iye analibe nazo ntchito, ankangofufuza zipatso za tende m'thumba mwanga. Kuti ana atsopanowo abadwe, akule, afike pothamanga, padutsa zaka, ndipo zaka zimenezo ndi zanga ndi iye. Mwina adzapambana, mwina ayi, koma ulendo uno adzayezedwa mwachilungamo. Tsiku lomwelo ndinamuuza Patuma zonse, ndipo anandikalipira kaye chifukwa chomubisira, kenako anati njerwa aziwotcha Loweruka.

Ndakusowani, Amayi. Nkhani ngati iyi ndinkayenera kukuuzani pamaso, inu mukundidula pakamwa. Akavalo kuno amawapatsa mayina ndi eni ake, koma la m'khola timapereka ndife. Ndikukulonjezani kuti mwana wamkazi woyamba kubadwa mwa atsopanowa ndidzamutcha Abiti Mdala, dzina lanu. Musakwiye kuti ndakusandutsani kavalo. Tsiku limene adzathamange, inshallah, ndidzaima pampanda n'kukuitanani mokuwa mpaka mawu kutha, ndipo palibe adzandifunse chifukwa chake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Idrisa