Mlamu Wanga Akuti Anaolotsa Anthu pa Muloza

Lolemba, 4 Ogasiti

Wailesi m'mawa, ine ndikusenda chinangwa. Mbiri ya moyo wa mlamu wanga Winston, tsopano wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani chawo. Ati mu 1986, nkhondo itafika kwathu ku Milanje, iyeyo anaolotsa anthu mazana awiri pa mtsinje wa Muloza kubwera nawo kuno, mfuti zikulira. Winston! Wothawa woyamba, pa njinga ya mkulu wake, kusiya mayi ake omubala pakhonde. Amene anawabereka kumsana apongozi angawo ndi mwamuna wanga Bonface. Anabwereranso katatu kukatenga ana a eni. Kachinayi anaponda bomba lokwirira. Pa wailesipo dzina lake ayi.

Winston ali khansala ankati anthu makumi awiri. Atakhala phungu, zana. Mpando ukamakula anthu aja akuswana.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Galimoto zitatu pakhomo. Fumbi lonse pa ufa ndinayanika. Mimba patsogolo, mwini wake Winston pambuyo. Mpando wanga waukana, kuopera suti. Ati, "Alamu, pa 16 kuli msonkhano ku Limbuli. Mukangonena kuti munaona ndi maso." Ndafunsa za Bonface. Ati, "Akufa savota, alamu." Waseka yekha, omuperekeza n'kusekera pambuyo.

Wasiya nsalu ya nkhope yake. Ndaphimbira khola la nkhuku.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Mwana wanga Pilirani misozi. Bambo ake aang'onowo amulonjeza ntchito ya mu ofesi. Zaka khumi ndi zisanu akuthyola tiyi mwanangayu, msana unatha kale. Ati, "Amayi, mawu awiri okha. Adadi sangadzuke." Sanawaonepo n'komwe. Ndinaoloka naye ali m'mimba.

Kutchalitchi sindinamve kalikonse.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndapita. Dzuwa, fumbi, amayi akuvina ndi nkhope ija kumatako. Winston wavala chipewa cha usilikali, cha pa kaunjika basi. Munthu woopa ngakhale kupha nkhuku. Walira pa nsanja, mpango m'maso, diso limodzi lili pa wojambula.

Andipatsa chimkuzamawu. Ndati, "Amene anaolotsa anthu ndi Bonface, mkulu wa awa." Pomwepo chazima, nyimbo yalowa. Akumbuyo sanamve, angoti nthungululu. Iye wandikumbatira anthu akuona, n'kundinong'oneza, "Pilirani aiwale za ntchito."

Lamulungu, 17 Ogasiti

Wailesi yati mlamu wa a Winston analephera kulankhula chifukwa cha chimwemwe. Pilirani sakundiyankhula.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Masana kwabwera bambo wa imvi pa kabaza. Thomson, wa ku Thuchila. Anali pafupi ndi nsanja, anamva. Ati anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, munthu anamunyamula paphewa pa mtsinjepo, madzi ofika m'khosi, akumuuza kuti agwire makutu osati maso. Zaka zonsezi samadziwa dzina lake. Wapempha kuona manda. Ndamuuza kuti kulibe, mtembo unatsala tsidya lija. Wavula chipewa, wangoima pabwalo.

Pilirani watuluka m'nyumba ndi mpando. Wamupatsa mlendoyo, iye mwini wakhala pansi. Ndamva akufunsa, "Bambo, adadi anali aatali?"

Akadali pomwepo. Ndikamve nawo.