Botolo Lopanda Dzina

8 de Junho 1985, Loweruka

Msika wa ku Tsangano. Kachewere ndowa zitatu, wagulidwa yense. Mchere kulibe. Sopo kulibe. Koma ndapeza mankhwala a utitiri kwa a Fabião, aja amayala saka kumbuyo kwa ogulitsa fodya. Botolo la refresco, la zakumwa zoziziritsa kukhosi, lotseka ndi chitsononkho. Pepala palibe. Nditafunsa dzina la mankhwalawo anaseka, ati, "Dzinalo mukadya? Supuni imodzi m'ndowa ya madzi, musambitse galu, utitiri wonse pansi." Mtengo 250. Ndapereka 100, zotsala mwezi ukamatha.

Zonsezi ndi chifukwa cha Doroteia, mwana wanga. Zaka ziwiri ndi theka, miyendo yonse zilonda, amakanda mpaka magazi. Amagona atakumbatira Chenjera. Galuyo kumuthamangitsa sindingathe. Ndiye anauwa tsiku lija a kutchire anatulukira ndi mfuti, mudzi wonse tinathawira kudambo nthawi ikadalipo. Komanso moto sitisonkhanso kukada, ungaoneke patali. Kuzizira kwa mwezi uno, galu ndiye moto wa mwana.

9 de Junho, Lamulungu

Terezinha ananunkhiza botolo, n'kubweza mutu. "Ichi chisalowe m'nyumba mwanga, bambo a Doro. Chikununkha dibi ya ng'ombe." Ndinati eya. Anabereka mwana, ulendo ku kapela.

Ine ndi Chenjera kumtsinje. Mankhwala akagwera m'madzi amayera ngati mkaka. Supuni imodzi inandionekera yochepa, ndinathira zitatu. Utitiri kugwa ndikuona ndi maso, madzi kuchita bii. Ndinakondwa. Mphaka nayenso ndinamuviika, anandikanda padzanja.

Pobwerera ndinaganiza: galu wayera, nanga utitiri wa m'gombeza? Ubwerera pa galu, ndalama yapita pachabe. Ndinatenga gombeza la Doro ndi saka limene amagonera, n'kuwaza madzi otsala. M'makona ndinadonthezera a m'botolo enieni, osasungunula, poti m'misoko ndi mmene umabisala. Ndinayanika pampanda. Dzuwa lofooka, silinaume bwino. Ndinalipachika kukhitchini kuti utsi uphe fungo, n'kulibwezera pamphasa Terezinha asanabwere.

Sindinamuuze. Aona yekha mwana akagona bwino.

10 de Junho, Lolemba

Doro wagona osakanda mpaka m'mawa. Koyamba mwezi uno.

Mphaka wafa. Tamupeza pansi pa nkhokwe, thovu kukamwa. Terezinha akuti wadya khoswe woipa. Ndavomera.

Chenjera sakudya. Akunjenjemera, dovu chuchuchu, m'mawa onse wagona m'madzi kumtsinje. Atabwera Doro anamutengera madzi m'chikho, theka akutaya m'njira. "Nje, imwa." Chenjera sangathe kutchula, amangoti Nje.

Phala Doro wadya masupuni awiri basi. Thukuta pamphumi, kunja mphepo chonchi. Mwina mano.

Mawa kukumba kachewere wa kumunsi, anyani asanamalize.

11 de Junho, Lachiwiri

Kumunda sindinapite. Mwana akusanza, akutsegula m'mimba. Malovu osaleka, nsalu ziwiri zanyowa. Kakuda ka m'maso kachepa ngati njere ya fodya. Minofu ya m'masaya ikugwedera yokha.

Apongozi abwera. Anayang'ana mwana pang'ono, ine nthawi yaitali. "Akamwini, Loweruka kumsika munapita nokha. Munabwera dzuwa litalowa. Munachedwa kuti?" Akuti tsempho. Akuti ndinagona ndi mkazi wina n'kubwera kudzagwira mwana. Ndinalumbira. Anakatenga mizu, anamumwetsa, anasanza yonse. Terezinha sakundiyang'ana kumaso.

Za mphaka zinandibwerera m'mutu. Ndinazikankhira kumbali. Mwana sanamwe kanthu, sanasambe nawo madziwo. Gombeza ndi nsalu chabe, nsalu ingalowe bwanji m'thupi?

Akunjenjemera kwambiri. Ndamufunditsa bwinobwino, mpaka m'khosi.

12 de Junho, Lachitatu

Tinanyamuka kutangocha kupita ku posto, kachipatala kakang'ono ka boma. Msewu waukulu ayi, akuti anakwiriramo mabomba a minas sabata yatha. Njira za m'minda, maola anayi. Ndinamubereka ine, m'gombeza lomwelo, ndinamangitsa kuti mphepo isamulowe. Panjira anandiitana kamodzi. Papá. Ndinati tafika, mama, tafika. Tinali tisanafike n'theka lomwe.

A enfermeiro, anamwino a pamenepo, anamutsegula maso ndi chala, n'kununkhiza kumutu, n'kununkhiza gombeza. "Mwathira chiyani umu?" Terezinha anati palibe. Anayang'ana ine. Ndinanena zonse. Supuni zitatu, makona, utsi wa kukhitchini.

Gombeza analinyamula ndi ndodo n'kuliponya panja. Anamuvula zonse, anamusambitsa ndi sopo wawo wa kunyumba, kachidutswa kotsala. Akuti mankhwala otere amalowera pakhungu, safuna kukamwa. Akuti masiku atatu mwana wagona m'poizoni, ndipo lero ndamubweretsa nditamukulungamo, akutuluka thukuta pamsana panga.

"Dzina la mankhwala?" Palibe. "Pa botolo palembedwa chiyani?" Palibe. Anagwira m'mutu. Akuti ngati ndi a ng'ombe kapena a m'munda wa thonje, jakisoni wake amamudziwa, koma anatha mu Abril ndipo coluna ya magalimoto yochokera ku Tete sinabwere. Akuti apumeko kaye, mawa m'mamawa tiyese kudutsa malire, kuchipatala cha ku Malawi.

Terezinha anamva zonse ataima pakhomo. Sanakuwe. Anangofunsa, "Gombeza?" Ndinati gombeza.

Pachifuwa pa mwana pakumveka ngati phala likuwira.

13 de Junho, Lachinayi

Ku Malawi sitinapite.

18 de Junho, Lachiwiri

Tinaika Lachisanu. Bokosi ndinakhoma ndekha ndi matabwa a chitseko chathu, misomali ndinazula pomwepo. Linatalika. Ndinayeza ndi maso, ndinalakwitsa, panatsala malo kumiyendo ngati chikhatho. Anthu anali ochepa, amaopa kusonkhana. Nyimbo ziwiri, motsitsa mawu.

Pakhomo tsopano pali saka.

Terezinha akugona kwa amayi ake. Za gombeza sanauze munthu. Mudzi wonse ukuti tsempho, amayi kuchitsime amasiya kulankhula ndikamadutsa. Ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, ndinati bwanji sukuwauza kuti sindinagone ndi munthu. Anati, "Mukawauze nokha chimene munachita. Ine pakamwa panga sipangatuluke."

Ndaona kuti tchimo la chigololo likundipepukira kusenza. Ndangolisiya.

Chenjera wachira. Akudya. Ubweya kusalala, utitiri ngakhale umodzi. Amalowa m'nyumba, kununkhiza pamphasa, kutuluka, kuyang'ana njira ya kuchitsime, kulowanso. Tsiku lonse.

20 de Junho, Lachinayi

Chenjera ndinamutengera kuthengo ndi chingwe ndi mpini wa khasu. Ankagwedeza mchira, ankayesa tikukasaka. Terezinha anationa akuchokera kotola nkhuni. "Galuyo musamuphe. Walakwa chiyani?" Ndinamasula chingwe.

Anatula nkhuni, anakhala pansi, galu anaika mutu pamiyendo pake. Analira nthawi yaitali. Ine chiimire, mpini m'manja. Podzuka anati, "Ndikudziwa munkafuna agone bwino. Koma ndinanena." Ananyamula nkhuni zake.

Kachewere wa kumunsi anyani amaliza.

23 de Junho, Lamulungu

A Avelino, oyandikana nafe, anabwera ndili pakhonde. Anapepesa za maliro, kenaka maso awo pa Chenjera. "Koma galu wanu wayera, Feliciano. Mankhwala aja sanatsaleko? Kwanga ana sakugona, mphasa zonse utitiri. Ndingowazako pang'ono."

Ana anayi. Wamng'ono akuyamwa.

Ndikanatha kunena kuti anatha. Botolo linali m'denga la nkhokwe, theka. Ndinalitsitsa, ndinawagwiritsa, ndinati nunkhizani. Ndinawauza kuyambira pa supuni mpaka pa ndodo ya a enfermeiro. Mawu ankatuluka ngati akuwerenga munthu wina. Analiika pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta manja m'dothi. Tinapita tonse kukaliponya m'chimbudzi, ndi chitsononkho chomwe. Supuni ija nayonso, inali itabwerera m'dengu la mbale.

Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva.

24 de Junho, Lolemba

Apongozi anabwera okha. Sanakhale pansi. "Ndinakunamizirani za mkazi, akamwini. Izo ndabweza." Anayang'ana pamphasa. "Zinazi sindikudziwa kuti ndizitani." Akuti amalume ake a Terezinha abwera Lamulungu kudzakamba ngati ndikhale pamudzi pano kapena ndibwerere kwathu ku Chidzolomondo. Kwathu kulibe munthu. Anathawa onse chaka chatha, sindidziwa n'komwe ali.

Ndapeza kansapato kake kamodzi kuseri kwa mtsuko. Kapulasitiki kofiira, kakumanzere. Ndafunafuna kinzake mpaka m'munda. Sindikudziwa ndikufuniranji.

29 de Junho, Loweruka

Kumsika ndi nyemba ndowa imodzi. A Fabião ali pamalo pawo, mabotolo asanu ndi limodzi pasaka. Anandiona patali. "Patrão! Bwana wa galu! Utitiri unatha?"

Ndinati unatha.

Ndinawauza za Doro. Anavula chipewa, anati pepani, pepani ndithu. Kenaka anati, "Koma ine ndinati galu. Supuni imodzi. Za gombeza sindinanene." N'zoona, sananene. Ndinafunsanso dzina la mankhwala. Sakulidziwa. Anagula chigubu kwa munthu amene anachitola m'nyumba yosungira katundu ku munda wa boma utawotchedwa. Chigubucho chinali ndi pepala, ati linali lachizungu china, anamatula.

Panali mayi wina, mwana kumsana, botolo ali nalo kale m'manja, akumasula mfundo ya pansalu. Sindimudziwa. Ndinati mayi, wanga anali wamkulu pang'ono kuposa uyo. Ndinamuuza za maso, za malovu, za bokosi. Anthu anayamba kuima. Anabweza botolo pasaka, anakokera mwana kutsogolo, anapita osatembenuka. A Fabião anati ndikuwaonongera malonda, anakulunga saka lawo n'kusamukira kumbali ya ogulitsa nkhuku. Ndinawaona akuyalanso. Atsala asanu ndi limodzi omwewo. Loweruka likubwerali ndidzakhala pomwepo, ngati amalume sandichotsa mawa.

Pochoka a Fabião anandikuwira kuti mwezi watha.

Nyemba sizinagulidwe. Ndabwera nazo. Chenjera anandichingamira panjira, anayang'ana kumsana kwanga.

Za botolo zatsala 150.