Kamtima Kosatseka Kunsi

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kwa tonse kuno. Muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinasiya, kapena mukungopirira monga mwa chizolowezi chanu? Maphunziro a unamwinowo akuyenda? Kuno tili bwino. Bondo la Mayi likuwalola kuyenda tsopano, ndipo mwana wanu dzino lakutsogolo laguluka, akusekerera aliyense kuti aone mpatawo.

Ndiyambe ndi funso. Kodi ndani anakhazikitsa lamulo loti wopenta zikhadabo alibe makutu? Azakhali, eni saluni imene ndakhala ndikugwirako ntchito, amalinena ngati linatsika kumwamba, ati zomwe wamva utagwira dzanja la kasitomala uzitsuke pamodzi ndi burashi. Aliyense mu saluni amangogwedeza mutu. Nanenso ndinkagwedeza, mpaka sabata ino.

Mukudziwa kuti digiri yanga ikugona mu sutikesi kunsi kwa bedi, ndipo kofunsira ntchito konse kuli zii. Ndiye ndinati ngati ndikalambire pakampando ka Azakhali, bola ndisinthe zinthu. Iwo aliyense amamupaka chofiira basi, ati chofiira palibe mwamuna anachikanapo.

Pokonzekera Tsiku la Okondana ndinawauza kuti tiziyamba tamuona munthu. Wamanyazi ndimamupaka pinki wofuwa, kamtima kamodzi pachala cha mphete, koti akaone yekhayo amene wamugwira dzanja. Wolongolola, wolowa mu saluni mawu ali patsogolo, ndimamupatsa chofiira ndi zonyezimira zala zonse. Wa mu ofesi, zoyera kunsonga ndi kadontho kagolide. Kunabweranso wina amene chibwenzi chake changotha, ndinamupaka chakuda, kamtima kong'ambika pachala chachikulu, anatuluka akuseka.

Anthu anayamba kuchuluka. Azakhali anang'ung'udza kuti ndikusandutsa saluni kukhala kalasi, komabe anandilonjeza tebulo langalanga pawindo chikondwererochi chikadutsa. Ndinalilota tebulo limenelo, Achemwali, musandiseke.

Tsono pali kasitomala wina, mtsikana wa ku banki, waulemu wake, wolankhula motsitsa. Ndinali nditaona kale kuti akangolowa, Azakhali amadzuka msanga n'kumutengera kwa Wailesi, mnzanga uja wosatseka pakamwa, ngakhale ine ndili chikhalire. Ndinkayesa nsanje ya ntchito. Koma ndinadabwa kuti Wailesi, munthu wodziwa za m'nyumba ya aliyense, za ameneyu sanandiuzepo kanthu.

Lachiwiri Wailesi anapita kukazula dzino, Azakhali manja ali m'mutu mwa munthu, ndiye mtsikanayo anakhala pamaso panga. Ndinamufunsa monga ndimafunsira aliyense, kuti ndi munthu wotani, amakonda chiyani. Anati akufuna zazifupi, chifukwa akuphunzira kuyendetsa galimoto ndipo aphunzitsi ake amati zikhadabo zazitali zimakola pachiwongolero.

Ndinaganiza za amuna anu, koma ndinadzidzudzula. Alamu si okhawo ophunzitsa galimoto padziko lino.

Kenako anatambasula chikhatho. Anati sanasambe bwino dzanjalo dala, kuti ndione chimene bwenzi lake linamujambula ndi bolopeni dzulo lake, ndipo ndichikopere pachala cha mphete. Kanali kamtima kopendekera kumanzere, kosatseka kunsi, mizere iwiri yongoyandikana osakumana.

Achemwali, kamtima kameneko ndimakadziwa. Alamu anakujambulani komweko m'chikhatho masiku a chitomero, inu n'kukana kuchapa tsiku lonse. Pa ukwati wanu ndinakakopera ndine pachala chanu, inu mukundikalipira kuti ndisakatseke chifukwa iwo satseka.

Ndinamufunsa ngati ndikucheza, kuti bwenzi lakelo ndi munthu wotani. Anati ndi munthu wofatsa, wovulala mumtima. Ati mkazi wake anamuthawa, anapita kutali n'kuiwala kuti anasiya banja. Ndinayang'ana Azakhali pagalasi. Anali atasiya kupesa, chipeso chili m'mwamba.

Ndinapaka utoto woyamba n'kulowetsa manja ake onse mu kanyali koumitsira. Mukudziwa mmene timachitira: utoto usanaume, kasitomala sagwira kanthu. Akafuna madzi timamumwetsa, mphuno ikamuyabwa timamukanda, foni ikalira timamutulutsira m'chikwama n'kumugwirira pakhutu. Ndiye foni inalira.

Dzina silinalembedwe, panali kachithunzi ka galimoto basi. Ndinamugwirira pakhutu, nkhope yanga pafupi ndi yake. Mawu sindinawamve onse. Ndinangomva munthu akukonza pakhosi asanalankhule, kenako kuseka kuja kothera m'mphuno. Kuseka kumene kwadya pakhomo pa Mayi zaka zonsezi.

Ndinadziuzabe kuti mwina makutu akundinamiza, mwina ndikufuna nkhani poti ndine munthu wosowa chochita. Anthu okonza pakhosi ndi ambiri. Koma ndinaganiza kuti ngati ndikulakwa, pali njira yodziwira yosanyoza aliyense.

Ntchito yanga yonse ndimaijambula mu foni kuti makasitomala azisankhapo. Ndinamuuza kuti kamtima kotere ndinakapentapo kale, aone ngati kukula kwake kukumusangalatsa. Ndinamuonetsa chithunzi cha pa ukwati wanu chija, cha manja okhaokha, lanu lili m'dzanja la alamu.

Chala chanu sanachiyang'ane n'komwe. Maso ake anapita pachipsera cha alamu chija, cha pachala chachikulu, pamene chitseko cha galimoto chinawapana. Anayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti dzanja linalo ndi la ndani. Ndinati la mkulu wanga, amene ali kusukulu ya unamwino, amene amaimbira mwamuna wake Lamlungu lililonse, ndipo abwera maphunziro akatha.

Sanalire. Anatulutsa manja mu kanyali n'kunena motsitsa, "Fufutani zonse, chonde." Ndinafufuta. Anapempha sopo, n'kutsuka chikhatho chija mpaka chinafiira. Potuluka anandifunsa ngati muli ndi mwana. Ndinati eya. Anaima pakhomo pang'ono, n'kupita.

Makasitomala atatha, Azakhali anandiitanira kuseri kumene timayanika matawulo. Anati ndaphwanya lamulo, ndathamangitsa kasitomala, ndipo mawa tawuni yonse idziwa kuti mu saluni yawo muli makutu. Ndinawafunsa kuti anadziwa liti. Anayamba kupinda tawulo lopinda kale. Anati ankafuna mumalize maphunziro mtima uli m'malo, ndipo zotere zimatha zokha mkazi akabwerera.

Ndinawafunsa ngati n'chifukwa chake ankamupititsa kwa Wailesi. Anati ine ndine mwana, sukulu yandipatsa pakamwa koma sinandipatse nzeru za banja. Kenako ananena mawu awa: "Ukawalembera achemwali ako, tebulo lija uliiwale, ndi kampando komwe."

Chiyambire tsikulo ndikukayika aliyense. Mayi ankati alamu akamabwera kudzaona mwana tisamawafunse zambiri, atopa ndi ntchito. Kodi nawonso akudziwa? Sindinawafunse, ndikuopa yankho. Malume athu nawonso anasiya kutchula dzina la alamu pakhomo, ine n'kumati ndi ukalamba. Zikuoneka kuti tonse takhala tikukupentani bwinobwino, Achemwali, pamwamba pa chikhadabo chothyoka.

Ndikuuzeni chilungamo: sindinawaone awiriwa ali limodzi ndi maso anga. Ndili ndi kamtima, kuseka kwa mu foni, ndi nkhope ya mtsikana ataona chipsera. Muyeze nokha. Koma sindikanatha kukusiyani muzisankha mphatso ya Tsiku la Okondana, mukundifunsa saizi ya malaya a alamu monga munachitira mwezi watha, pamene kuno akukutchulani wothawa.

Pempho langa ndi limodzi. Musawaimbire alamu usiku womwe mulandire kalatayi, chifukwa mukudziwa mmene amalankhulira, amatha kukhazika mtima pansi ngakhale wophunzira amene wangogunda mpanda. Lembani mayeso anu kaye. Sukuluyo musaisiye, ndi yanu. Mukamaliza mubwere mudzawafunse mukuwayang'ana m'maso, ine ndidzakhala pambali panu. Mukasankha kukhululuka, sindidzakunyozani. Koma musankhe mukudziwa.

Alamu sindinawauze kanthu, imeneyo ndi nkhani yanu. Anabwera dzulo ndi maswiti a mwana, anandifunsa ngati ntchito ya zikhadabo ikuyenda. Ndinati ikuyenda, ikundiphunzitsa zambiri. Anakonza pakhosi, koma sanaseke.

Za ine musadandaule. Lero m'mawa ndinapita ku saluni, ndinapereka moni kwa Azakhali mwaulemu wonse, n'kulongedza maburashi anga, mabotolo anga ndi kanyali kanga mu katoni. Ndatulutsa tebulo la Mayi lositirapo zovala, ndaliika pakhonde moyang'ana msewu, ndipo ndalemba chikwangwani. Kalatayi ndalembera pomwepo, ndipo ndikangoimata ndikupita nayo ndekha ku positi.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu pa mayeso. Mundiperekere moni kwa anzanu a m'chipinda aja, muwapemphe akhale nanu pafupi masiku ano. Mwana wanu akuti mumubweretsere dzino latsopano.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
amene ali ndi makutu.