Mathalauza a Magalasi

Lolemba, 3 Malichi
Aphunzitsi a maphunziro a madera agawa ntchito: aliyense acheze ndi munthu mmodzi wochokera kudera lomwe tikuphunzira, kutsidya kwa malire. Awiri osafunsa munthu mmodzi. Ine zanga zayera, amayi anabadwira konko, anathawa nkhondo ali mtsikana. Vuto n'lakuti nkhaniyo sayikamba. Ndikangoyamba amati, "Tandipatsira sizasi."

Lachitatu, 5 Malichi
Magalasi, uja wokhala kutsogolo n'kumayankha asanafunsidwe, wandigulira tiyi. Chaka chonse moni wake ndi wogwedeza mutu, lero tiyi? Kenako, "Mayi ako amasokera pati?" Ndamuuza, koma mtima sukundikhala.

Lachisanu, 7 Malichi
Mng'ono wanga akuti kushopu kwa amayi kukumabwera mnyamata wa magalasi kudzafupikitsa mathalauza. Atatu sabata imodzi! Miyendo yake ikufota kapena?

Lachiwiri, 11 Malichi
Ndamupanikiza Magalasi pakhomo la laibulale. Akuti, "Ndimangokasoketsa, iwe." Thalauza lili m'mwamba mwa akakolo, maso pansi. Bodza lenileni. Akanditengera amayi, ine ndikafunsa ndani? Ndawaimbira, akuti ndi kasitomala waulemu. Nawonso ndayamba kuwakayikira.

Lachinayi, 13 Malichi
Magalasi waika m'kalasi mawu omwe anajambula. Dzina sanatchule, koma kulira kwa mashini aja ndingakuzindikire ndili m'tulo. Amayi, mawu ali phee, akufotokoza momwe anawolokera mtsinje atabereka mng'ono wawo wakhanda, n'kufika tsidya lino nsalu ili yokha kumsana.

Ine sindinamvepo kuti anali ndi mng'ono. Anthu akulemba manotsi, aphunzitsi akuyamikira. Ndatuluka ndisanaphulike. Zandipweteka, osati masewera.

Loweruka, 15 Malichi
Ndafika kushopu osapereka ndi moni womwe. "Amayi, mlendo mwamuuza, mwana wanu ayi?"

Apitiriza kupinda siketi ya munthu mpaka kumapeto. Kenako akuti, "Uja amamva n'kupita kwawo. Iwe ukanamva, ndikanakuyang'ana bwanji m'mawa uliwonse?"

Ndati ntchito yanga ya kusukulu yafera pomwepo. Akuti, "Iferetu pomwepo."

Azimitsa mashini, achotsa nsalu pampando wa makasitomala. "Tseka chitseko. Foni ikhale m'chikwama. Pali chomwe uja sindinamuuze."

Ndakhala pansi.

"Dzina la mwanayo ndi lomwe ndinakupatsa iwe."