Galasi la Kumbuyo Kwanu

Lachinayi, 12 Juni

Okondedwa Achemwali,

Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la bambo lomwe silikumva mankhwala.

Paja amayi akhala akudandaula kuti pabalaza palibe chithunzi cha ana awo onse pamodzi. Ndiye Lamlungu lija tikucheza pa vidiyo, ndinakujambulani mwakabisira mukuseka, kasikirinishoti kamodzi kokha. Lolemba kuntchito, abwana atatuluka kukagula inki, ndinakatsegula pa kompyuta kuti ndikuduleni bwinobwino, ndikuikeni pakati pa ine ndi achimwene.

Ntchito imeneyi si ya phuma. Ukadula kwambiri munthu amatsala wopanda khutu, ukasiya mbali yaikulu mabatani a foni amaonekera pachibwano. Choncho ndinakulitsa chithunzicho n'kumasuntha mzere pang'onopang'ono, mpaka ndinafika pakona yakumanja. Achemwali, galasi la wadiropu yanu ndi kazitape! Inu munationetsa nkhope yokha, koma ilo kumbuyoko linakuonetsani cham'mbali, thupi lonse, dzanja lili pamimba.

Ndinakuwa. Mnzanga wa pamakina osindikizira anabwera chothamanga.

“Iwe, wagwidwa ndi magetsi?”

“Ayi, ndi mphemvu,” ndinatero, nditaphimba sikirini ndi chikwama, misozi ili mbwembwembwe.

“Mphemvu mpaka kulira ukuseka? Iwe ukapimitse mutu.”

Sindinakwiye kuti mwatibisira. Ndikukumbuka kawiri konse kaja munapita padera, amayi atauza kale msewu wonse, matewera atagula. Ndikukumbukanso mmene anthu ankakuyang'anirani pambuyo pake. Ulendo uno mukufuna kukhala chete kaye, ndipo ine ndili nanu.

Ndiye galasilo ndinalidula. Vuto linali lakuti mzerewo unadya phewa lanu, moti munkaoneka ngati mwalumidwa. Ndinakusunthirani kumanja, n'kukutsitsa pang'ono, mpaka phewalo linabisala kuseri kwa mkono wa achimwene. Kwa nthawi yoyamba kunenepa kwawo kwathandiza banja.

Dzulo ndinapita nacho kunyumba chili mufelemu. Amayi anavala magalasi, n'kuchiyandikiza kumaso.

“Koma mwanayu masaya adzaza bwanji?”

“Ndi kamera, amayi. Imanenepetsa.”

“Kamera,” anatero, akundiyang'ana ine osati chithunzi. “Nanga bwanji iweyo siinakunenepetse?”

Ndinathawira kukhitchini. Ine amene mumandidziwa ndi ulesi uja ndinatsuka mbale zonse, ndi zoyera zomwe.

Tsono pempho langa ndi ili: musachedwe kwambiri. Pakamwa panga mukupadziwa, ndipo amayi ayamba kundizungulira ngati mphaka. Ndalumbira kuti sindinena kanthu mpaka inu mutawauza nokha, koma ndimangomwetulira ndekha mumsewu, anthu ayamba kundipatsa moni wachifundo. Mwezi sindikufunsani. Chithunzi chosadula chija ndachitsekera ndi nambala yachinsinsi, ndimachiona ndekha pa nthawi yopuma.

Bambo akuti muwatumizire mafuta opaka pabondo. Amayi akupereka moni, ati muzidya mokwanira, ndipo mawu amenewa anawanena kawiri. Moni kwa alamu, muwauze kuti ndikamva zoti mwanyamula ndowa adzandiona.

Ndipo winayo, amene sindinamuone ndipo sindikumudziwa, mumunong'oneze kuti agwiritse zolimba ulendo uno. Mayi ake aang'ono akumudikira.

Ine mng'ono wanu,
Wapakamwa